Walter Scott, mlembi amene buku lake lidasiya dzina pa mgodi wa Nigel

NIGEL, South Africa – Munthu akanyamuka ku Johannesburg kulowera kum'mwera chakuvuma, n'kudutsa Springs ndi Dunnottar, amafika m'tauni ya Nigel, kumalire a dera la migodi lomwe kale linkadziwika kuti East Rand ndipo lero lili m'manja mwa khonsolo ya Ekurhuleni. Dera limeneli si lachilendo kwa anthu a ku Malawi ndi Mozambique. Kwa zaka zambiri Wenela inkabweretsa kuno abambo zikwizikwi kudzakumba golide, ena n'kubwerera kwawo ndi njinga ndi masutikesi, ena n'kusanduka matchona. N'kutheka kuti ambiri mwa iwo adapita kumanda osamvako kuti dzina lakuti Nigel amati lidachokera m'buku la nthano.

Mbiri imene imakambidwa kuno ndi yakuti golide atapezeka pa famu ya Varkensfontein chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, n'kuti mwini famuyo, Petrus Johannes Marais, akuwerenga buku lotchedwa The Fortunes of Nigel, ndipo kampani ya mgodi itakhazikitsidwa adaipatsa dzina la mnyamata wa m'bukumo. Ena amati dzinali ndi la katswiri wina wofufuza miyala, Nigel MacLeish. Komabe m'tauniyi muli dera lokhalamo anthu lotchedwa Glenvarloch, ndipo Glenvarloch ndi dzina la malo a makolo a Nigel wa m'nthanoyo.

Adalemba bukulo ndi Sir Walter Scott wa ku Scotland, yemwe adamwalira mu 1832, kukadali zaka zoposa 50 kuti golide wa ku Witwatersrand adziwike. Bukulo limakamba za ngongole, juga, katapira ndi mantha a munthu wokumbatira golide, ndipo pasanathe zaka zinayi chitulukireni, mlembi wake yemweyo adagwa m'ngongole imene adalimbana nayo mpaka tsiku la imfa yake.

Scott adabadwa pa 15 Ogasiti 1771 mumzinda wa Edinburgh. Bambo ake, omwenso dzina lawo lidali Walter, adali loya wosunga mwambo wa chipembedzo mosanyengerera. Mayi ake, Anne Rutherford, adali mwana wa mphunzitsi wa zachipatala pa yunivesite ya mumzindawo. Ana asanu ndi mmodzi a m'banjamo adamwalira ali makanda. Walter naye ali ndi miyezi 18 adagwidwa ndi poliyo, ndipo mwendo wake wamanja udapuwala moti adayenda chotsimphina moyo wake wonse.

Makolo adamutumiza kumudzi kwa agogo ake, pa famu ya Sandyknowe, m'dera la kumalire a Scotland ndi England, poyembekeza kuti mpweya wa kumapiri umuchiza. Kumeneko adayesa mankhwala osiyanasiyana, kuphatikizapo kumukulunga m'chikopa cha nkhosa yongosendedwa kumene chikadali chofunda. Iye mwini, polemba za ubwana wake, adasimbanso za mtsikana wina amene adalembedwa ntchito yomulera. Mtsikanayo adasiya bwenzi ku Edinburgh, ndipo poona kuti mwana wolumalayu ndiye akumutsekereza kumudzi, adayamba kudana naye, mpaka adaulula kwa mayi woyang'anira nyumba kuti maganizo adamufikira oti amucheke pakhosi ndi sizasi kumatanthwe. Adamuchotsa ntchito nthawi yomweyo. Munthu amene adakula akudziwa kuti dzanja lomulera lidatsala pang'ono kumupha sakadavutika kumvetsa kuti choopsa sichichokera kuthengo kokha.

Ku Sandyknowe ndi kumene azakhali ake, Janet, adamuphunzitsa kuwerenga, ndipo agogo ake aakazi ankamusimbira za nkhondo za mabanja a kumalireko, za akuba ng'ombe ndi za mizukwa. Pamwamba pa famuyo pali nsanja yakale ya miyala ya Smailholm. Nyumba zakale zogumuka, zoima zokha pachulu mwini wake atatha, zidadzakhala chizindikiro chimene adabwerezabwereza m'mabuku ake pofuna kuonetsa dziko limene likupita.

Sukulu adaphunzira ku High School ya ku Edinburgh, kenako ku yunivesite, komwe adalowa ali ndi zaka 12 monga zinkachitikira masiku amenewo. Mu 1786 adayamba kuphunzira ntchito mu ofesi ya bambo ake, ndipo mu 1792 adavomerezedwa kukhala loya woimira anthu m'khoti. Adakonda mtsikana wotchedwa Williamina Belsches kwa zaka zingapo, koma mtsikanayo adakwatiwa ndi William Forbes, mwana wa mwini banki. Scott adakwatira Charlotte Charpentier, wobadwira ku France, pa 24 Disembala 1797, ndipo adalera ana anayi. Mu 1799 adasankhidwa kukhala woweruza milandu m'boma la Selkirk, ndipo mu 1806 adakhalanso mlembi wa khoti lalikulu la Scotland. Ntchito ziwirizi sadazisiye ngakhale atatchuka; mabuku ake ambiri adawalemba m'bandakucha, asanapite kukhoti.

Ntchito yake yoyamba yosindikizidwa, mu 1796, idali yomasulira ndakatulo za Chijeremani za Gottfried Bürger, imodzi mwa izo yokamba za mzukwa wa msilikali wobwera pa kavalo usiku kudzatenga bwenzi lake. Koma chimene chidamuumba kwenikweni ndi maulendo amene ankayenda chaka ndi chaka m'zigwa za Liddesdale, kugona m'nyumba za abusa a nkhosa ndi kulemba nyimbo zamakedzana zimene nkhalamba zinkaimba. Nyimbozo zidatuluka mu 1802 ndi 1803 m'mabuku otchedwa Minstrelsy of the Scottish Border. Owerenga Chichewa angakumbukire ntchito imene Samuel Josia Ntara adagwira posonkhanitsa zokamba za akuluakulu m'buku la Mbiri ya Achewa. Kusiyana kwake n'kwakuti Scott sankaopa kusoka: akapeza nyimbo imodzi ikuimbidwa mosiyana m'midzi itatu, ankalumikiza zidutswa ndi kukonza mizere mpaka imveke momwe iye ankafunira. Akatswiri a masiku ano amamudzudzula pa zimenezi, ngakhale amavomereza kuti popanda iye nyimbo zambiri zikadapita ndi eni ake.

Mu 1804, akukhala ku Ashestiel m'mbali mwa mtsinje wa Tweed, adapalana ubwenzi ndi Mungo Park, dokotala wa m'dera lomwelo amene adayendera mtsinje wa Niger ku West Africa. Tsiku lina adamupeza akuponya miyala m'dziwe la mtsinje wa Yarrow n'kumayang'ana thovu, njira imene ankayezera kuya kwa madzi ku Africa asanawoloke, ndipo Scott adazindikira kuti mnzakeyo akukonzeka kubwereranso. Park adamuuzanso kuti ankadzidzimuka usiku akuganiza kuti akadali mkaidi m'hema wa mfumu imene idamugwira pa ulendo woyamba. Adapitadi mu 1805, ndipo adafera m'madzi a Niger pa Bussa.

Ndakatulo zake zazitali, The Lay of the Last Minstrel (1805), Marmion (1808) ndi The Lady of the Lake (1810), zidamusandutsa mlakatuli wowerengedwa koposa mu Britain. Mu 1813 adakana udindo wa mlakatuli wa mfumu. Apo n'kuti Lord Byron atayamba kumulanda owerenga, ndipo Scott, yemwe sankadzinamiza pa nkhani ya msika, adatembenukira ku nthano zazitali. Waverley idatuluka mu Julaye 1814 popanda dzina la mlembi, ndipo mabuku 1,000 oyamba adatha msanga. Kwa zaka 13 adapitiriza kubisala. Mabuku ankangolembedwa kuti ndi a mlembi wa Waverley, ndipo ngakhale anthu ambiri ankadziwa, iye adavomera poyera mu Febuluwale 1827, pa phwando lina ku Edinburgh.

Padali chinsinsi china chachikulu kuposa chimenecho. Kuyambira mu 1805 Scott adali mwini gawo m'kampani yosindikiza mabuku ya James Ballantyne, mnzake wa kusukulu ku Kelso, ndipo ngakhale abwenzi ake apamtima sankadziwa.

Chimene Scott adabweretsa m'zolemba ndi njira yosimbira mbiri ya dziko kudzera mwa munthu wamba wogwidwa pakati pa mbali ziwiri. Edward Waverley ndi msilikali wa ku England amene akukopeka ndi anthu a kumapiri a Scotland pa kuukira kwa 1745, nalowa nawo nkhondo, kenako n'kuona anzake akuweruzidwa kuti aphedwe ku Carlisle iye atapulumuka. Dzina lakelo m'Chingerezi limamveka ngati la munthu wogwedezeka maganizo. Mu Old Mortality (1816), yonena za nkhondo ya chipembedzo ya 1679, asilikali a boma ndi ankhanza, koma nawonso ozunzidwawo mantha ndi ukali zawafikitsa poti angaphe mnzawo pomuganizira kuti ndi kazitape. Akhristu ena a mpingo wa Presbyterian adakwiya nalo bukuli, poti makolo awo ofera chikhulupiriro adaoneka ngati anthu osokonezeka mitu. Scott adali wa zamalamulo, ndipo zaka zomvetsera mboni zidamuphunzitsa kuti mbali yolakwiridwa nayo imatha kuchita zoopsa.

The Heart of Midlothian (1818) ndi buku limene ambiri amati ndilo lopambana. Effie Deans akuimbidwa mlandu wopha khanda lake pansi pa lamulo la 1690, limene linkati mkazi akabisa mimba, mwana n'kusowa, ndiye kuti wapha, ngakhale mtembo usapezeke. Mkulu wake, Jeanie, akadangonena m'khoti kuti mng'ono wakeyo adamuuza za mimbayo, mlandu ukadatha. Koma Effie sadamuuze, ndipo Jeanie akukana kulumbira bodza. Chigamulo cha imfa chitaperekedwa, iye akunyamuka ulendo wa ku London, mbali yaikulu wapansi, kukapempha chikhululukiro kwa Mfumukazi Caroline. Nthanoyi idachokera pa mayi weniweni, Helen Walker, ndipo Scott adalipira mwala wa pamanda ake. Mutu wa bukulo ndi dzina limene anthu ankatchulira ndende yakale ya Edinburgh, kunena kuti mtima wa dera lonselo ndi ndende. Ndendeyo itagwetsedwa mu 1817, Scott adatenga chitseko chake n'kukachiika pa khoma la nyumba yake.

Pa nkhani ya malodza, palibe buku lake loposa The Bride of Lammermoor (1819), limene adalemba pa nthawi imene ankavutika ndi ululu woopsa wa m'mimba. Edgar, mbadwa yotsiriza ya banja la Ravenswood, akukondana ndi Lucy Ashton, mwana wa loya amene adalanda malo a banjalo. Pamene awiriwa angolonjezana pa kasupe, khwangwala wolasidwa ndi muvi akugwera pamapazi pa Lucy, magazi n'kudontha pa chovala chake. Khwangwala ndiye mbalame ya m'dzina la Ravenswood. Mayi ake a Lucy akumukakamiza kukwatiwa ndi mwamuna wina, ndipo usiku wa ukwati mtsikanayo akubaya mwamunayo, nachita misala, namwalira. Edgar, akuthamanga pa kavalo m'mbali mwa nyanja m'mawa, akumezedwa ndi mchenga wotitimira monga ulosi wakale udanenera, ndipo chotsala ndi nthenga yakuda ya pachipewa chake. Wowerenga wofuna kukhulupirira kuti tsoka lidalembedwa kale ali ndi umboni wokwanira. Koma wowerenga wodekha aona kuti chilichonse chili ndi mwini wake: makalata a Edgar adabisa ndi mayi, mantha a bambo ndiwo adawatseka pakamwa, ndipo nkhalamba yosimba nthano zoopsa idaikidwa dala pambali pa Lucy kuti imufooketse. Mu 1835 Gaetano Donizetti adasandutsa nthanoyi sewero loimba, Lucia di Lammermoor, limene likuchitidwabe m'mayiko ambiri.

The Fortunes of Nigel idatuluka mu Meyi 1822, Scott ali pachimake. Wosindikiza wake, Archibald Constable, adamulembera kuti ku London mabuku 7,000 adatuluka m'sitolo m'mawa umodzi nthawi isanakwane 10:30. Nigel Olifaunt, mwini Glenvarloch, ndi mnyamata wa ku Scotland amene akupita ku London kukapempha Mfumu James kuti ibweze ndalama zimene bambo ake adaibwereka, chifukwa malo a makolo ake ali pa chikole ndipo tsiku lowombola layandikira. George Heriot, wosula golide wa mfumu, yemwe adalikodi m'mbiri ndipo chuma chake chidamanga sukulu ku Edinburgh, akumuthandiza ndi kumulangiza. Koma mawu a akulu amakoma akagonera. Lord Dalgarno, amene akudzionetsa ngati bwenzi, akumulowetsa m'nyumba ya juga, kwinaku akufalitsa mbiri yoipa ya iye kunyumba ya mfumu, pofuna kuti malowo agwe m'manja mwa anzake. Nigel atazindikira, akumumenya ndi lupanga m'munda wa mfumu wa St James, mlandu umene chilango chake chidali kudulidwa dzanja lamanja.

Apa mpamene bukuli limafika pokoma. Nigel akuthawira ku Whitefriars, dera la London limene anthu ankalitcha Alsatia, komwe angongole ndi zigawenga ankabisala chifukwa apolisi sankalowako wamba. Alsatia ili ndi mfumu yakeyake, nduna zake ndi msonkho wake, ndipo wowerenga amazindikira msanga kuti ndi chithunzi cha nyumba ya mfumu chongotembenuzidwa: uku ndi uko anthu amakhalira ngongole, chinyengo ndi kugula chitetezo. Nigel akugona kwa Trapbois, nkhalamba ya katapira imene ili ndi bokosi la golide koma imakhala ngati mmphawi, imayendayenda usiku m'nyumba poopa akuba, ndipo pomaliza ikuphedwadi ndi akuba chifukwa cha golide yemweyo. Mwana wake wamkazi, Martha, wosakongola ndi wolankhula mosapsatira, ndiye munthu woona mtima m'nyumbamo, ndipo chuma chimene chidapha bambo ake ndicho chikuwombola Glenvarloch kumapeto.

Wamantha wamkulu m'bukuli ndi mfumu. James wa Scott ndi wophunzira, wanthabwala, wosafuna kuipitsa, koma sangathe kuyang'ana lupanga losololedwa, ndipo Nigel atamufikira mwadzidzidzi ali kosaka nyama ku Greenwich, mfumu ikuchita mantha mpaka mnyamatayo akutsekeredwa mu Tower of London. Anthu akale ankati mantha amenewa adayamba iye asanabadwe, pamene David Rizzio adabayidwa mu 1566 pamaso pa mayi ake, Mfumukazi Mary, ali ndi pakati. Scott akuonetsa momwe mantha a munthu mmodzi wokhala pampando amasandukira tsoka la anthu osalakwa. Nigel mwini wake ndi wofooka. Zinthu zimangomuchitikira, ndipo amene akumupulumutsa ndi wantchito wake Richie Moniplies ndi Margaret Ramsay, mwana wa wokonza mawotchi. Amene amati anyamata a m'mabuku a Scott alibe msana sanama, koma mwina n'chifukwa chake anthu owazungulira amaoneka amoyo chotere.

James ameneyu ndi yemwe dzina lake lili pa Baibulo la Chingerezi la 1611, ndiponso ndi yemwe adafunsa yekha anthu oganiziridwa ufiti pa milandu ya North Berwick mu 1590, nalemba buku la ziwanda mu 1597. Nkhani ya ufiti Scott adaitsata moyo wake wonse. Mu Ivanhoe (1819), Rebecca, mtsikana Wachiyuda wodziwa mankhwala, akuzengedwa mlandu wa ufiti chifukwa msilikali wina wamkulu wamukonda, ndipo luso lake lochiritsa ndilo likusanduka umboni womutsutsa. Mu 1830 Scott adatulutsa Letters on Demonology and Witchcraft, momwe adasanthula zolembedwa za m'makhoti akale a Scotland, kumene lamulo lopha mfiti lidagwira ntchito kuyambira 1563 mpaka 1736. Adaonetsa kuti oimbidwa milanduyo kawirikawiri adali amayi okalamba, osauka ndi osowa owateteza, kuti kuvomera kwawo kunkadza atazunzidwa ndi kuletsedwa tulo, ndiponso kuti mizukwa yambiri imene anthu amaona imachokera m'matenda, m'chisoni ndi m'maso otopa. Bukuli silikalamba kwa owerenga a kuno kwathu. Ku Malawi lamulo la 1911 lidaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba adaphedwa m'boma la Neno mtsikana wina atafa ndi mphenzi.

Scott adakhudzanso mbiri ya South Africa mwa njira ina. Ndiye adalankhulira Thomas Pringle, mlakatuli wa kumalire komweko amenenso adali wolumala mwendo, kuti banja lake lipeze malo pakati pa atsamunda amene adafika ku Cape mu 1820. Pringle ndi John Fairbairn adalimbana ndi bwanamkubwa Lord Charles Somerset mu 1824 pa ufulu wa nyuzipepala, ndipo atabwerera ku London, Pringle adakhala mlembi wa bungwe lolimbana ndi ukapolo. Malo amene banjalo lidalandira, komabe, adali m'dera la kumalire limene eni ake akuda adali atathamangitsidwamo.

Pa ndale Scott adali wosafuna kusintha. Ankaopa chipwirikiti cha anthu wamba, ndipo mu 1820, amisiri oluka nsalu atayamba kuukira kumadzulo kwa Scotland, adaima ndi boma. Mu 1818 adatsogolera gulu limene lidatsegula bokosi ku Edinburgh Castle n'kupeza chisoti chaufumu cha Scotland chimene chidatsekeredwa kuyambira 1707. Mu 1820 adalandira ulemu wa Sir. Ndipo mu Ogasiti 1822 adakonza mwambo wolandira Mfumu George IV ku Edinburgh, naveka mfumu ndi akuluakulu a m'tauni zovala za anthu a kumapiri. Zovalazo zidasanduka chizindikiro cha Scotland yense, pa nthawi imene eni ake enieni ankachotsedwa m'minda yawo kuti mulowe nkhosa.

Ndalama za mabuku zinkathera ku Abbotsford. Mu 1811 adagula famu yaing'ono m'mbali mwa Tweed pafupi ndi Melrose, ndipo pofika 1824 padali nyumba yaikulu ya nsanja, yodzaza zida zakale zankhondo ndi mabuku zikwi zambiri, yowala ndi nyale za gasi, pakati pa minda imene adagula pa mtengo wokwera. Zambiri mwa zimenezi adalipira ndi ndalama za mabuku amene adali asanalembe. Constable, Ballantyne ndi kampani ina ya ku London ankasainirana makalata a ngongole, aliyense kudalira mnzake, ndipo mabanki atagwedezeka kumapeto kwa 1825, onse adagwera limodzi. Mu Januwale 1826 Scott adapezeka ndi ngongole yoposa mapaundi 120,000, ndipo chinsinsi chake cha zaka 20 chidaululika.

Akadatha kulengeza kuti walephera, angongole n'kugawana zimene zidalipo. Abwenzi adafuna kumusonkhera. Adakana zonse, nasaina pangano lakuti ndalama za mabuku ake onse zizipita kwa angongole mpaka atamaliza. Nyumba yake ya pa Castle Street ku Edinburgh idagulitsidwa. Abbotsford idapulumuka chifukwa adali ataipereka kale kwa mwana wake wamwamuna pa ukwati wake mu 1825. Mu Meyi 1826 mkazi wake Charlotte adamwalira. Buku limene ankalembamo za tsiku ndi tsiku, lomwe adaliyamba mu Novembala 1825, likuonetsa munthu wochita mantha usiku koma wodzuka m'mawa kukawerenga masamba amene walemba, ndipo ena amati limeneli ndilo buku lake labwino koposa. Adalemba Woodstock, mbiri ya Napoleon ya mabuku asanu ndi anayi, ndi nthano za mbiri ya Scotland zolembera mdzukulu wake wodwala, ndipo m'zaka ziwiri adapezera angongole pafupifupi mapaundi 40,000.

Chakumapeto kwa 1827 kampani ina ya ku London idakana pangano lija n'kuopseza kuti imumangitsa. Scott adaganiza zothawira ku Holyrood, dera la Edinburgh kumene lamulo lakale linkateteza angongole, Alsatia ya kwawo komwe. Sadapiteko, chifukwa munthu wina adalipira ngongoleyo mwachinsinsi. Munthuyo adali Sir William Forbes wa kubanki, yemwe adakwatira Williamina zaka 30 zapitazo, ndipo Scott adadziwa zimenezi Forbes atamwalira kale. Mu Disembala 1830 angongole adamubwezera mabuku ndi katundu wa m'nyumba yake ngati mphatso.

Thupi lidatopa. Mu Febuluwale 1830 adagwidwa ndi matenda ofa ziwalo, omwenso adavutitsa bambo ake asanamwalire, ndipo adabwereza kangapo. Mu 1831, pa chisankho ku Jedburgh, gulu la anthu ofuna kusintha kwa malamulo a mavoti lidamukuwiza m'misewu ya dera limene adalitchukitsa. Boma lidamupatsa malo m'sitima yankhondo kuti akapume ku Malta ndi Naples, koma pobwerera adagwidwanso ali ku Netherlands. Adafika ku Abbotsford mu Julaye 1832, ndipo adamwalira pa 21 Sepitembala ali ndi zaka 61. Adaikidwa m'mabwinja a Dryburgh Abbey pambali pa mkazi wake. Ngongole idatha mu 1847, umwini wa mabuku ake utagulitsidwa kwa wosindikiza Robert Cadell. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mzinda wa Edinburgh udatsegulira nsanja yomukumbukira yotalika mamita 61, ndipo siteshoni ya sitima ya pafupi ndi nsanjayo imatchedwa Waverley.

Balzac, Pushkin, Manzoni ndi Dumas adaphunzira kwa iye kasimbidwe ka mbiri m'nthano. Pofika zaka za m'ma 1900 owerenga adayamba kumuona ngati wochedwa kufika pa mfundo, ndipo mitu yoyamba ya mabuku ake imafunadi chipiriro. Mark Twain, mu 1883, adamuimba mlandu wodzaza mitu ya eni akapolo a kum'mwera kwa America ndi maloto a ulemerero wa ankhondo akale. Zizindikiro zake zidayenda njira zimene iye sakadaziganizira. Mu 1838, kapolo wina wothawa atafika ku New Bedford ankafuna dzina latsopano, ndipo mwini nyumba imene adafikira, yemwe ankawerenga The Lady of the Lake, adamusankhira dzina la banja la m'ndakatuloyo. Adakhala Frederick Douglass. M'ndakatulo yomweyo muli kamtanda kowauka ndi moto kamene wothamanga amayenda nako m'midzi poitana anthu kunkhondo. Thomas Dixon adakatengera m'buku lake la 1905 lotamanda Ku Klux Klan, ndipo mu Novembala 1915 gululo lidayatsa mtanda pa phiri la Stone Mountain ku Georgia.